Mpikisano wa makilomita 10 m'mbali mwa nyanja: tidzere kuti, nanga tiyeze bwanji?

Gologolo_Wamtali
Moni nonse. Ndili mu komiti yokonza mpikisano wothamanga wa m'tauni yathu, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru chifukwa kumsonkhano takanika kumvana. Tauni ndi yaing'ono, ndipo chokhacho chimene tingaitanire nacho alendo ndi kamsewu kotsata gombe, kuchokera padoko mpaka kumlatho, makilomita pafupifupi 5. Ena akuti tipite kumlathoko n'kubwerera, akwane 10, anthu aziona madzi ulendo wonse. Ena akuti tipite cha kugombe koma pobwerera tidzere m'tauni kuti anthu atichemerere ali m'makomo mwawo. Kamsewuko ndi kopanikiza, penapake galimoto ziwiri sizipatukirana.

Nkhani yachiwiri: chaka chatha othamanga anadandaula kuti mtunda unapitirira. Mawotchi awo a GPS oyeza mtunda ankaonetsa 10.2, ena 10.3, mpaka wina anatilemba pa Facebook kuti sitidziwa kuwerenga. Tinayeza ndi galimoto. Chaka chino tikuyembekezera anthu ngati 300. Amene munakonzapo kapena kuthamangapo mpikisano wotere, tithandizeni.

Kamba_Safulumira
Munayeza ndi galimoto? Ndiye wa pa Facebook uja musamusungire chakukhosi.

Gologolo_Wamtali
Nanga tikanayeza ndi chiyani, chingwe?

Njinga_Yakale
A Gologolo, musapse mtima, a Kamba ayankhula mokhadzula koma akunena zoona. Galimoto imawerenga mtunda potengera kuzungulira kwa matayala, ndipo tayala likadyeka kapena likachepa mpweya chiwerengero chimasintha. Komanso galimoto imayenda kumbali yake ya msewu, siingadule pokhota mmene amadulira munthu wothamanga.

Njira imene a World Athletics (bungwe loyendetsa masewero othamanga padziko lonse) ndi a AIMS (bungwe la mipikisano ya marathoni) amavomereza ndi ya njinga yakapalasa. Pa wilo lakutsogolo amamangirira kachipangizo kowerenga kotchedwa Jones Counter, kamene Alan Jones anakapanga mu 1971 pofuna kuyeza mpikisano wa kwawo ku America. Poyamba mumapeza msewu woongoka ndi wosakwera, n'kuyezapo mamita osachepera 300 ndi tepi yachitsulo. Mumapalasa pamenepo kanayi kuti mudziwe manambala amene kachipangizoko kamawerenga pa kilomita imodzi. Kenako mumapalasa njira yonse ya mpikisano. Mukamaliza mumabwereranso pa mamita 300 paja kanayi kena, chifukwa dzuwa likakwera mpweya wa m'tayala umafutukuka, wilo n'kusintha kukula pang'ono.

Woyeza sayenda pakati pa msewu. Amatsata njira yaifupi kwambiri imene wothamanga angadutse, akudula pokhota paliponse, masentimita 30 kuchokera m'mphepete. Akatero amawonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse kuopa kuti mtunda ungaperewere. Ndiye makilomita 10 oyezedwa bwino ndi mamita 10,010.

Tsono za mawotchizo. Munthu akakhala m'chigulu sadula pokhota ponse, amazemba anzake, amapatukira ku tebulo la madzi. GPS nayo imaphonya, makamaka pansi pa mitengo ndi pakati pa nyumba zitalizitali. Wotchi kuonetsa 10.1 pa njira yolondola si zachilendo. Koma 10.3 kugombe, kumwamba kuli poyera, ndipo anthu ambiri akunena zofanana, pamenepo mudapitiriradi.

MayiWaAtatu
Pepani akuluakulu, ine ndikuona ngati mukuilemetsa nkhaniyi. Ndi mpikisano wa m'tauni, theka la anthu adzakhala akuyenda n'kumajambula madzi ndi foni. Mamita 200 asokoneza ndani? Ine ndikafika kumapeto ndimangothokoza kuti mawondo andipirira.

Liwiro_Basi
Asokoneza ine, mayi. Munthu wakonzekera miyezi kuti amalize mphindi 50 zisanakwane, n'kupezeka wamaliza pa 50:40 chifukwa wina anayeza ndi galimoto ya mlamu wake. Ukamathamanga kilomita pa mphindi 5, mamita 200 ndi mphindi yathunthu. Mwalemba pachikwangwani kuti 10, tipatseni 10.

MayiWaAtatu
Ndiye alembe kuti "pafupifupi 10", aliyense agone tulo.

Njinga_Yakale
Mukuseka, koma nzeru imeneyo si yoipa. Falmouth Road Race, ku Massachusetts, ndi mamailosi 7, amene ndi makilomita 11 ndi kanthu. Palibe anakhala pansi kusankha nambala imeneyo. Tommy Leonard, amene anauyambitsa mu 1973, ankangofuna kuti anthu athamange kuchokera pa bala ina ku Woods Hole kukafika pa bala ina ku Falmouth Heights, motsata nyanja. Lero anthu amachoka kutali kukathamanga kumeneko. Ngati kuchokera padoko kupita kumlatho n'kubwerera ndi 9.6, mukhoza kulengeza 9.6 yomweyo. Choipa ndi kulemba china pamene pansi pali china. Mu 2016 theka la marathoni la Great Scottish Run ku Glasgow linapezeka kuti linaperewera mamita pafupifupi 150, ndipo mbiri yatsopano ya liwiro imene wothamanga Callum Hawkins anaika tsiku limenelo inafufutidwa.

Kamba_Safulumira
Ndiye akatswiri nawonso amaphonya. Mtima m'malo, a Gologolo.

Chimphepo77
Tibwerere ku funso loyamba lija. Chimene okonza ambiri amaiwala kugombe ndi mphepo. Pachithunzi pamaoneka bata, koma palibe chotchinga chilichonse. Dzuwa likakwera nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wofunda umakwera m'mwamba, wozizira wochokera pamadzi n'kubwera kudzalowa m'malo mwake. N'chifukwa chake mbandakucha kumakhala zii, koma dzuwa likangolimba mbendera zayamba kukupiza. Mukapita n'kubwerera, mbali imodzi mphepo ikukankhani, mbali inayo mukulimbana nayo, ndipo zimene imakulandani mukakumana nayo ndi zambiri kuposa zimene imakubwezerani ikakhala kumsana. Ine ndikanakonda kubwerera kudzera m'tauni, nyumba zimateteza.

Mphunzitsi_Wopuma
A Chimphepo, mphepo imene mwafotokozayo imachokera pamadzi kulowa kumtunda. Munthu wotsata gombe imamuwomba cha m'nthiti, popita ndi pobwerera pomwe. Sikuti imamukankha kapena kumutsekereza.

Chimphepo77
Gombe lake loongoka ngati lula mwalipeza kuti, aphunzitsi? Likangokhota pang'ono mphepo ili kumaso. Komanso si yokhayo, palinso mphepo ya nyengo imene imawomba mbali imodzi masabata angapo.

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo tagwirizana. Ndiye a Gologolo afunse anthu a mabwato a padokopo kuti mwezi umenewo m'mawa mphepo imachokera kuti. Iwo amadziwa kuposa foni. Ngati n'kotheka, othamanga akumane nayo popita, miyendo idakali ndi mphamvu.

Liwiro_Basi
Koma dziwani kuti mphepo ikakhala kumsana, liwiro lake n'kufanana ndi lako, umamva ngati mpweya waima. Kutentha kwake kumakhala koopsa, thukuta limangoyenderera osauma.

Wapampando_Wakale
Ndinakhalapo mu komiti ngati yanuyi zaka zingapo, ndiye ndiyankhula ngati wokonza, osati wothamanga. Musanatsutsane za kukongola, tengani mapu muwerenge mphambano. Mphambano iliyonse ikufuna munthu amene adzaimepo maola awiri, wovala chowala, wodziwa mbali yolozera, ndiponso wolimba mtima moti angakanize woyendetsa galimoto amene wachedwa ku ntchito. Njira yodzera m'tauni ikhoza kukhala ndi mphambano 15. Anthu odzipereka 15 amene adzabweredi tsikulo muli nawo? Polembetsa maina amachuluka, m'mawa wake mafoni ena sapezeka. Apolisi ndi akhonsolo nawonso savuta kwambiri mukawapempha kutseka kamsewu kamodzi kusiyana n'kudula msewu waukulu wa tauni.

Kupita n'kubwerera kuli ndi phindu linanso. Tebulo la madzi limodzi pa kilomita 2.5 limagwiranso ntchito pa 7.5. Zikwangwani ndi zochepa. Munthu sangasochere. Ndipo oyenda pang'onopang'ono amaona akatswiri akubwerera, n'kumawaombera m'manja, zimene m'njira yozungulira sizichitika.

Koma kupanikiza mwanenako musakupeputse. Tiwerengere limodzi. Wotsogola amene amamaliza pa mphindi 32 adzakhala atatembenuka kumlatho pa mphindi 16. Chigulu chachikulu, cha anthu othamanga kilomita pa mphindi 6, chidzakumana naye pa mphindi ngati 21, cha pa makilomita 3.5 kuchokera poyambira. Pamenepo anthu amakhala asanamwazikane kwenikweni, ena ali atatuatatu akucheza. Pitani mukaone kuti pakati pa kilomita 3 ndi 4 msewu ndi wotani. Ngati popanikiza pali pamenepo, muike timakoni tapulasitiki pakati, njinga itsogole ndi belu, ndipo muwauze anthu poyambira mbali imene azitsata. Ngati ngakhale zimenezo sizingatheke, sinthani njira.

Funso lomaliza limene mufunse ndi ili: munthu akagwa pa kilomita 4, ambulansi idzalowera kuti? Kamsewu kamene mbali imodzi ndi madzi kali ndi makomo ochepa.

Gologolo_Wamtali
Popanikiza kwambiri pali pafupi ndi mlatho, cha pa 4.5. Pali khoma mbali imodzi, mbali inayo miyala yotsikira kumadzi. Polowera galimoto kuchokera kumsewu waukulu pali pawiri, pa 1 ndi pa 3 penapake.

Wapampando_Wakale
Ndiye mwayi muli nawo. Ambulansi iime pa 3 pamenepo, osati pomalizira pokha. Ndipo kodi n'chifukwa chiyani mukukakamira kukafika pamlatho? Tembenukirani pa 4.3, musanafike pakhomapo, mtunda wotsalawo muupeze poyambira, pozungulira bwalo la padoko.

Chimphepo77
Mlathowo ndiye chithunzi chake cha mpikisano, bwana. Muuchotse, mwatsala ndi chiyani?

Kamba_Safulumira
Watsala ndi anthu 300 opanda wogwera pamiyala.

Wokhala_Kugombe
Ine sindithamanga, ndili pagulu pano chifukwa cha mwana wanga. Koma ndimakhala m'mbali mwa kamsewu ngati kameneka, kumene nakonso kumachitika mpikisano chaka ndi chaka, ndiye ndiloleni ndilankhule. Inu mumati malo okongola, ife timati kwathu. Tsiku lina tinadzuka n'kupeza msewu watsekedwa, popanda ngakhale kapepala pakhomo. Mayi anga ankafunika kukaonana ndi dokotala m'mawa womwewo. Mnyamata amene anamuika pamphambano sankadziwa kuti msewu utsegulidwa nthawi yanji, amangoti dikirani. Atachoka onse, makapu apulasitiki anali mbwee m'mphepete, mphepo n'kuwakankhira m'madzi. Anatola ndi ife. Chaka chotsatira atabwera kudzapempha kuti tiwathandize kugawa madzi, palibe anatuluka.

Liwiro_Basi
Ndi maola awiri okha pachaka, mayi kapena bambo. Kupirira pang'ono.

Wokhala_Kugombe
Ndi mayi. Maola awiri ndikhoza kupirira ngati mwandiuza. Kunditsekera pakhomo panga ngati mbuzi ndiye ayi.

MayiWaAtatu
A Liwiro, apa khalani chete, mayiwa akunena zoona.

Wapampando_Wakale
Mayi, zimene mwanenazi ndi zimene zimapha mipikisano yaing'ono, osati kusowa ndalama. A Gologolo, patatsala masabata awiri muyende khomo ndi khomo ndi kalata yonena tsiku, ola lotseka, ola lotsegula, ndi nambala ya foni ya munthu amene adzayankhedi. Muyende nokha a komiti, musatume ana. Mufunse ngati pali wodwala kapena wogwira ntchito m'mawa, mugwirizane pomuolotsera. Msewu muzitsegula chigawo ndi chigawo wothamanga womaliza akangodutsa, osadikira kuti zonse zithe. Amalonda a m'mbali mwa njira muwauze msanga, ambiri amasangalala chifukwa tsikulo kumabwera anthu.

Za makapu: gwiritsani ntchito apepala, muthire madzi theka lokha, ndipo tebulo likhale mbali ya kumtunda, osati ya kumadzi. Migolo ya zinyalala ikhale mamita 50 mpaka 100 kutsogolo kwa tebulo, chifukwa munthu sataya kapu pomwe waitengera. Otola ayambe nthawi yomweyo, mphepo isanayambe.

Mphunzitsi_Wopuma
Ku London Marathon mu 2019 anayesa kugawa chakumwa m'timatumba topangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja, toti munthu akhoza kumeza kapena kutaya n'kuwola tokha. Sindikuti mukatipeze, ndikungosonyeza kuti vuto la makapu likuwasautsa ngakhale akuluakulu.

Thukuta_Lokoma
Ine pempho langa ndi madzi pa kilomita iliyonse. Kugombe kumatentha, anthu azimwa kwambiri, asadikire ludzu.

Namwino_wa_Usiku
A Thukuta, pamenepo ndikutsutsani pang'ono, ndipo a Gologolo muwerenge bwino chifukwa izi n'zofunika kuposa mamita 200 aja.

Malamulo a World Athletics amati madzi akhalepo poyambira, pomalizira, ndi pa makilomita pafupifupi 5 alionse, ndipo kukatentha mukhoza kuwonjezera. Pa 2.5 ndi 7.5 monga anenera a Wapampando, ndi pena potembenukira, ndi zokwanira. Kuuza anthu kuti azingomwa ngakhale alibe ludzu kuli ndi ngozi yake: madzi akachuluka m'thupi mchere wa m'magazi umasungunuka, munthu amayamba mutu, nseru, kusokonezeka. Kafukufuku wa othamanga a Boston Marathon ya 2002, amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2005, anapeza vutoli mwa anthu 13 pa 100 alionse amene anayezedwa. Pa makilomita 10 si kawirikawiri, nthawi yake ndi yochepa, komabe uphungu wabwino ndi kumwa ukamva ludzu.

Chimene ndimachiopa pa mpikisano waufupi ndi kutentha kwa thupi. Anthu amaganiza kuti ngozi ili pa marathoni pokha. Ayi. Pa makilomita 10 munthu amathamanga mwamphamvu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, thupi limapanga kutentha kochuluka, ndipo kugombe mpweya umakhala ndi chinyezi moti thukuta siliuma. Thukuta limaziziritsa likamauma, likangochucha silithandiza. Mthunzi kulibe, ndipo dzuwa limanyezimiranso pamadzi. Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukapitirira madigiri 40, ubongo umayamba kusokonezeka. Zizindikiro zake: munthu akudzandira, akuyankha zosagwirizana, akukalipa popanda chifukwa, kapena wakomoka. Musanamizidwe kuti poti akutuluka thukuta ndiye ali bwino.

Chithandizo chake ndi kumuziziritsa pomwepo, msanga, asanakwere n'komwe ambulansi. Ku Falmouth kumene anatchula a Njinga, mpikisano umachitika mu Ogasiti, nthawi yotentha kumeneko, ndipo pomalizira amaika mabafa a madzi a ayisi. Ofufuza anawerenga anthu 274 amene anadwala motere pa zaka 18 n'kuviikidwa m'madziwo, ndipo onse anapulumuka. Inu simukusowa zipangizo zodula. Bafa lalikulu kapena lona wolimba amene anthu angagwire m'makona, madzi, ayisi wambiri, matawulo, ndi anthu amene ayeserera kale. Olondolera njira onse muwauze zizindikirozi ndipo akhale ndi nambala imodzi yoimba. Pakhalenso odziwa kutsitsimutsa munthu amene mtima waima, ndi makina ake odzidzimutsa mtima ngati mungabwereke.

Koma mankhwala otchipa kuposa onse ndi ola loyambira. Mukuyamba nthawi yanji?

Gologolo_Wamtali
Chaka chatha tinalengeza 8 koloko, tinayamba cha m'ma 9 chifukwa mlendo wolemekezeka anachedwa, kenako panali zoyankhula.

Kamba_Safulumira
Hahaha. Anthu 300 kuwotchedwa ndi dzuwa podikira munthu mmodzi amene sathamanga.

Namwino_wa_Usiku
Yambani 6:30, mochedwetsa 7. Mlendoyo adzayankhule popereka mphoto, anthu atakhala pamthunzi.

Thukuta_Lokoma
Chabwino anamwino, ndamva. Koma masiponji onyowa pa 7.5 musandikanize.

Namwino_wa_Usiku
Amenewo tengani awiri.

Mnyamata_wa_Bass
Funso lapambali. Mahedifoni mudzalola? Ine popanda nyimbo sindidutsa kilomita 3.

Wapampando_Wakale
Pa njira yokumanizana ngati imeneyi, ayi. Belu la njinga yotsogolera ulimva bwanji?

Mnyamata_wa_Bass
Khutu limodzi lokha?

Chimphepo77
Wabwera kugombe, mafunde akuomba, iwe n'kutseka makutu. Ukathamangire m'chipinda.

Liwiro_Basi
Poti tapatuka kale, nanga nsapato zija zokhala ndi kaboni m'soli zothandiza liwiro? Chaka chatha amene anandipitirira pa kilomita yomaliza anavala zimenezo. Kuyambira 2020 World Athletics inaika malire, soli isapitirire mamilimita 40 pa mipikisano ya pamsewu. Mudzayeza?

MayiWaAtatu
Akulephera kuyeza msewu, ayeze nsapato?

Mnyamata_wa_Bass
A Liwiro anakupitirirani ndi mapapo, osati soli.

Liwiro_Basi
Iwe maliza kaye kilomita 3.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za nsapato zili ndi malo ake, kakambiraneni kumeneko. Pano tikuthandiza a Gologolo.

Kamba_Safulumira
Ndakhala ndikuseka, tsopano ndinene zenizeni, poti ine ndine wa kumapeto. Nonse mwakamba za wotsogola: njinga yake, belu lake, mphindi zake 32. Ife timamaliza patatha ola ndi theka, ena kuposa. Kumpikisano wina ndinafika pomalizira n'kupeza chinsalu achitsitsa kale, madzi atha, mphoto aperekeratu, matebulo akukwezedwa m'lole. Pa kilomita 8 wolondolera njira anali atachoka, galimoto zikudutsa pambali panga. Ndalama yolembetsera ndinapereka yofanana ndi ya wopambana.

Mpikisano wa m'tauni yaing'ono umadalira anthu ngati ife. Othamanga kwambiri ndi 20 kapena 30, enawo ndi makolo, achikulire, anthu amene dokotala wawauza kuti achepetse thupi, amene akuyesa koyamba. Akachititsidwa manyazi sabweranso, ndipo sauza anzawo kuti abwere. A parkrun, okonza zothamanga zaulere za sabata ndi sabata, amene anayamba mu 2004 ku Bushy Park mu London ndi othamanga 13 okha, ali ndi lamulo limene ndimalikonda: pamakhala munthu wodzipereka amene ntchito yake ndi kuyenda kumbuyo kwa onse, ndiye womaliza amakhala iyeyo. Chitani chimodzimodzi. Akhale ndi foni, ndipo wolondolera njira asachoke pamalo ake mpaka munthu ameneyu atadutsa. Ngati pali nthawi imene msewu uyenera kutsegulidwa, nenani polembetsa kuti ndi maola awiri, munthu asankhe yekha. Ndipo sungani madzi ndi mamendulo a anthu 30 omalizira pambali, musawaike pa tebulo limodzi ndi enawo.

MayiWaAtatu
A Kamba mwandiyankhulira. Ndiwonjezere zimbudzi. Amuna a mu komiti amaiwala, kenako mzere wa amayi ndi wautali mpikisano ukuyamba.

Njinga_Yakale
Poyambira napo muganizire. Anthu 300 pakamsewu kopanikiza sangadutse mzere nthawi imodzi. Ikani zikwangwani: osakwana mphindi 45 kutsogolo, ola limodzi pakati, oyenda, okankha ana ndi ana ang'onoang'ono kumbuyo. Ana amakonda kuima kutsogolo, amathamanga mamita 200 ngati akuthawa njuchi, n'kuima mwadzidzidzi pakati pa msewu. Apatseni wawo wa kilomita imodzi akulu akamaliza. Ngati mulibe ndalama ya tizipangizo towerenga nthawi tomata pa nambala ya pachifuwa, musadandaule. Pa anthu 300 wotchi ndi kanjira ka zingwe pomalizira ndi zokwanira: wina amalemba nthawi, wina manambala motsatana mmene alowera, ndipo foni ijambule kanema pamzere kuti pakabuka mkangano muonerenso. Mphoto zimatsata amene wadutsa mzere poyamba, kuwerengera pamene mluzu unalira.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndipo potembenukira pakhale anthu awiri, wina akutchula manambala mokweza, wina akulemba. Pa njira yopita n'kubwerera sipalephera wina wotembenukira pa kilomita 4 n'kulowa m'gulu la obwerera.

Mnyamata_wa_Bass
Bwanji mwayang'ana ine, aphunzitsi?

Gologolo_Wamtali
Zikomo kwambiri nonse. Komiti inakumana dzulo ndipo ndinawawerengera zambiri mwa izi. Tagwirizana kupita n'kubwerera motsata gombe, kutembenukira tisanafike pakhoma paja, kuyamba 6:30. A Chimphepo musalire, mpikisano wa ana ndi kupereka mphoto tikufuna zidzachitikire pabwalo la pafupi ndi doko pomwe mlatho umaonekera patali. Makalata a m'makomo ndatenga ndine. Amene amafuna njira ya m'tauni sanakondwe, akuti amalonda a kumsewu waukulu sadzapindula, ndiye nkhani imeneyo ikadalipo. Za ayisi ndi bafa, msungichuma akuti tione kaye ndalama.

Namwino_wa_Usiku
Muwauze asungichumawo kuti achepetse matisheti, osati ayisi.

Wapampando_Wakale
Amalonda a kumsewu waukulu apatseni ntchito yogawa manambala a pachifuwa dzulo lake. Aliyense wothamanga adzayenera kulowa m'tauni kukatenga yake, ndipo m'mawa wa mpikisano simudzakhala ndi mzere wolembetsa.

Gologolo_Wamtali
Imeneyo ndiye ndikaitula Lachinayi. A Njinga, Jones Counter tikaipeza kuti? Sindikukhulupirira kuti m'tauni muno ilipo.

Njinga_Yakale
Funsani bungwe loyendetsa masewero othamanga m'dziko lanu ngati lili ndi woyeza wovomerezeka, kapena kalabu ya othamanga ya mumzinda wapafupi. Zikakanika, bwerekani wilo loyezera lija amagwiritsa ntchito omanga misewu, muliyese kaye pa mamita 300 a tepi, kenako muyende nalo njira yonse kawiri, pang'onopang'ono, m'mawa galimoto zisanachuluke. Sadzakulemberani satifiketi, koma mudzayandikira kwambiri kuposa galimoto. Mukapeza poyambira, potembenukira ndi pomalizira, khomani msomali mu phula, muzungulize penti, muyeze kutalika kwake kuchokera pa chinthu chosasuntha monga pholo la magetsi, mulembe m'buku ndi kujambula. Amene adzaike khoni ya potembenukira tsikulo akhale munthu amene analipo poyeza. Ikasunthidwa mamita 20, mtunda wasintha ndi 40.

Liwiro_Basi
Mukayeza mutiuze, ndilembetse. Koma wotchi yanga ikaonetsa 10.3 ndibwera pompano.

Kamba_Safulumira
Woyenda kumbuyo mwamupeza kale, a Gologolo? Ngati ayi, ndilembeni. Liwiro lake ndi langa lomwe.